Folo Kapena Naini

Nyumba zathu zilipo khumi ndi ziwiri, mzere umodzi, zonse zofanana: zipinda ziwiri, khonde la simenti, zenera limodzi kumaso. Inamanga ndi kampani yocheka matabwa, kumangira antchito ake. Itatseka, aliyense anapatsidwa pepala la nyumba imene ankakhalamo. La malemu bambo limati nambala naini. Pazitseko sipanalembedwepo nambala, poti aliyense ankadziwa kuti kuwerenga kumayambira kumacheka.

Lachiwiri lapitalo kunabwera mayi wina wamagalasi, buku lalikulu kukhwapa. Anati akulemba mbiri ya malo ano. Ine ndinali pakhonde kukonza tcheni cha njinga, amayi akusankha nyemba m'lichero.

"Mbiriyo ikupita kuti?" anafunsa amayi.

"Ku ofesi, agogo. Kuti ana a mawa adzadziwe."

"Ana a mawawo ndiye akutumani? Afulumiratu."

Mlendoyo anaseka, nakhala pampando umene ndinamupatsa. Anafunsa chaka chimene anamanga, amene anaumba njerwa, ngati malata ndi oyamba omwe aja. Amayi ankayankha mwachidule, maso ali m'lichero. Kenako iye analoza mzere ndi cholembera, milomo ikugwedera.

"Ndiye ino ndi nambala folo, eti?"

Dzanja la amayi linaima.

Folo inali ya akapitawo. Denga lake linagwa zaka zisanu zapitazo, ndipo pabalaza pamera mpapaya. Mwezi watha mwana wa akapitawo anabwera kuchokera kutauni ndi pepala la bambo ake, naima nthawi yaitali kuyang'ana malata athu. Msewu unabwera kampani itatseka kale, kumapeto ena a mzere. Ukawerenga kuchokera kumsewuko, nyumba yathu imakhala yachinayi, ndipo bwinja lija limakhala la naini.

Sindinafune kumuganizira zoipa msanga. Munthu wobwera ndi msewu amawerengera kumsewu, palibe chachilendo. Komabe ndinafunsa.

"Pepani mayi, anakulondolerani kuno ndani?"

"Bambo ena ake a galimoto yoyera. Akuti anakulira konkuno. Andisiya pamphambano, andidikira."

Galimoto ya mwana wa akapitawo ndi yoyera.

Amayi anaika lichero pansi, namanga nsalu m'chiuno. "Dzukani, mayi wa mbiri. Iwe, tenga chikwanje."

"Agogo, nsapato zangazi si zoyendera m'tchire."

"Vulani. Ife tinayenda opanda nsapato zaka makumi anayi, zala zilipo zonse."

Tinadutsa mzere wonse, anthu akusuzumira m'makomo. Kuseri kwa nyumba yomaliza kuli udzu wofika m'khosi. Ndinalambula mpaka chikwanje chinalira pa simenti. Apo panali chiunda chachikulu, mabawuti anayi adzimbiri atatuluka, pomwe pankakhala macheka.

"Imani apa," anatero amayi. "Mwamuna wanga anasiya chala chachikulu pamenepa. Tembenukani. Werengani mokweza, ndimve."

Mayiyo anawerenga, amayi akumutsatira pambuyo ngati mphunzitsi. Atafika pabwinja anati folo. Atafika pakhomo pathu anati naini, mawu atatsika.

"Ndalakwitsa ine, agogo. Ndikonza." Anadula mzere pa nambala ija, nalemba ina pamwamba.

"Chodula chimawerengeka," anatero amayi. "Ng'ambani tsambalo, muyambe lina."

"Buku la ofesi sating'amba."

"Nyumba ya mwini satisintha nambala. Ng'ambani."

Mlendoyo anayang'ana kwa ine, mwina poganiza kuti mwamuna wamkulu ndiwaletsa amayi anga. Ine ndinangoyang'ana chikwanje. Mwina analidi wa mbiri, wosadziwa kanthu, wongokwezedwa galimoto ndi munthu waulemu. Mpaka lero sindidziwa. Koma nyumbayo ndi imodzi yokha, ndipo amayi ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Anang'amba pang'onopang'ono, napereka tsambalo. Amayi analipinda n'kulilowetsa m'bulauzi. Mayiyo ankatseka buku mofulumira, koma ndinali nditaona kale: pansi pa tsamba long'ambidwalo panali pepala lopyapyala labuluu, la kaboni, ndipo pansi pake tsamba lina lolembeka zomwezo.

"Amayi," ndinatero, "lilipo lachiwiri."

Kumphambano hutala inalira kawiri. Amayi sanacheuke. Anaima pakati pa mlendoyo ndi njira, natambasulanso dzanja.