Chubu Kuseri kwa Kabati

Getsi la pabalaza pa a Ignasio, pa boma la Nsanje, linali la machubu awiri aatali. Analimangirira okha kudenga mu Malichi 2011, atangopuma ntchito ya zamagetsi ku esiteti ya nzimbe, ndipo sankalola munthu wina kulikhudza.

Akazi awo, a Priska, analipirira zaka khumi ndi ziwiri. Kuwala kwake kunkawapweteketsa mutu, linkaitana tizilombo tonse ta m'dambo la Shire, ndiponso linkadya mayunitsi. Koma si zimenezo zinawakweza pampando Lolemba pa 16 Okutobala 2023.

Mu Juni dokotala adauza a Ignasio kuti maso awo akuwonongeka pang'onopang'ono, abwerenso pasanathe mwezi, chifukwa kuona kumene kwatayika sikubwerera. Iwo sanapiteko. Tsopano madokotala a maso ochokera ku Blantyre ankabwera pa chipatala Lachinayi, ndipo a Ignasio ankakanabe.

"Ine ndimaona bwino, mayi a Yamiko," ankatero. "Kapena ndikuwerengereni imvi zanu?"

A Priska ankaseka, koma anali atawaona kawiri akufufuza kapu ya tiyi ndi zala.

Lolemba lija masana, amuna awo ali pansi pa mtengo kuthawa kutentha, a Priska anazimitsa swichi, nakwera pampando. Anapotoza chubu chimodzi monga ankaonera mwini wake akuchitira, chinamasuka, nachibisa kuseri kwa kabati. Anadziuza kuti munthu amene akuona angakalipe getsilo likangoyaka. Ankafunitsitsa kukalipiridwa.

Sikisi koloko itakwana a Ignasio analowa, nayatsa. Pabalaza panawala theka. M'ngodya munali mdima, kalendala ya tchalitchi sinkawerengekanso uli pakhomo. Iwo anakhala pampando wawo natsegula wailesi.

Lachiwiri chimodzimodzi. Anangopendeka mutu n'kunena kuti, "Getsili likulira motsika masiku ano. Mphamvu ya magetsi yachepa."

Lachitatu madzulo a Priska anatseka wailesiyo.

"Bambo a Yamiko, kudengaku kukuyaka machubu angati?"

"Awiri. Funso lanji limenelo? Ndinamanga ndine."

"Tayang'anani bwino."

A Ignasio anakweza nkhope, koma anayang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe getsi.

"Awiri," anabwereza.

A Priska anatenga chubu chija kuseri kwa kabati, nachiika pamiyendo pawo. A Ignasio anachisisita kuchokera uku mpaka uko, nagwira timano tiwiri ta kumapeto. Fumbi linatsalira m'zala zawo.

"Munachichotsa liti?"

"Lolemba."

"Munazimitsa kaye swichi?"

"Ndinazimitsa."

"Mwachita bwino," anatero a Ignasio. "Kuyambira mu Ogasiti ndimadziwa kuti layaka chifukwa cha kulira kwake. Ndimangoona ngati utsi woyera."

"Nanga osanena bwanji?"

"Munthu wa magetsi anene kuti sakuona getsi lake?"

Lachinayi pa 19 analawirira kuchipatala, a Priska atawagwira pachigongono. Anadikira pamzere mpaka itadutsa leveni. Dokotala anawaunika m'maso ndi katochi, nafunsa chifukwa chake sanabwerenso mu Julayi. Diso lakumanzere linali litatha. Lakumanja linatsala pang'ono, ndipo mankhwala odontheza akanangosunga pang'onopo.

Atafika kunyumba, a Priska anakokera mpando pansi pa getsi, natenga chubu chija kuti achibwezere. A Ignasio anamva mpando ukukhwekhwereza pasimenti.

"Mukutani?"

"Ndikubwezera. Kapena liziwala kwambiri, muziona bwinoko."

"Chisiyeni. Chimodzicho chikukwanirani inu, si mumati limakupweteketsani mutu?"

A Priska anaima ndi chubucho m'manja osadziwa pochiika. Kenaka anachibwezera kuseri kwa kabati. Sikisi koloko itakwana a Ignasio anadzuka, nafufuza khoma mpaka anapeza swichi. Anayatsa, naima pomwepo kumvetsera.