Mlatho Wosathyoka

Pa zaka 27 zimene a Mmisiri anakhala akumanga nyumba za anthu, palibe khoma lawo ngakhale limodzi limene linagwapo. Zimenezi simunkachita kufunsa. Ankakuuzani okha, kaya ndi pamzere wa kuchipatala, kaya mwangowafunsa nthawi. Ndiye mutha kuona mmene mtima unkawapwetekera pamene mwana wawo wachisamba, mtsikana wa chaka chomaliza kusekondale, anayamba kumanga milatho ya timitengo n'kumaithyola dala patebulo lodyera.

Mtsikanayo ankakonzekera mpikisano wa sayansi wa masukulu a sekondale. Anzake ena anasankha zosakaniza mankhwala, ena timagalimoto toyendera mabatire, iye anasankha milatho. Chaka chathacho anakhala wachitatu, pamene opita ku mpikisano wa dziko lonse amakhala awiri okha. Uwu unali mwayi wake womaliza, ndipo ankaufuna ndi mtima wonse.

Kwa miyezi itatu, akaweruka, ankadula timitengo ndi lezala, kutimata, kuyeza mlathowo pakasikelo kamene anabwereka kwa aphunzitsi a fizikisi, kenako n'kupachika ndowa pansi pake. Mu ndowamo ankathiramo mchenga kapu ndi kapu mpaka mlatho unene kuti phwa! Ukatero ankalemba m'kope akumwetulira ngati watola chikwama.

"Wathyokanso?" anafunsa a Mmisiri tsiku lina, akuvula nsapato pakhomo.

"Wathyokera pabwino, adadi, pa makilo 14. Paja amatenga kulemera kwa mchenga n'kugawa ndi kulemera kwa..."

"Iwe, mlatho suthyokera pabwino. Ine nditamanga chipilala cha nyumba yosungiramo katundu ija, lole inachigunda. Ukudziwa chimene chinaphwanyika?"

"Lole, adadi."

Katatu konse mwanayo anayesa kuwafotokozera lamulo la mpikisanowo, ndipo katatu konse lamulolo linagundana ndi chipilala chija, n'kuphwanyika ngati lole. Paja akuti ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, koma a Mmisiri mwambi umenewu ankautenga ngati wonena za amisiri anzawo.

Mlatho wa khumi ndi chiwiri, wopita nawo ku mpikisano, unatha Lachinayi. Mtsikanayo anauika m'katoni ya nsapato, kumata ndi tepi, n'kuika pamwamba pa kabati. Aphunzitsi anali atamuuza kuti asautsegulenso mpaka patebulo la majaji, kuopa chinyezi ndi zala za anthu.

Lachisanu masana mwana ali kusukulu, a Mmisiri anabwera kudzadya. Anadya maso ali pakabati. Atasamba m'manja anatsitsa katoni ija.

"Abambo, mwana anati musakhudze," anatero akazi awo.

"Sindikukhudza, ndikungoona."

Anapitiriza kungoonako mpaka kukashedi kawo ka zipangizo kuseri kwa nyumba. Atauika pachikhatho, mlathowo unali wopepuka ngati tsamba louma. Timitengo take tinali towonda, guluu wake wochita kudontheza ngati mankhwala a m'maso. Tisawanamizire, mwana wawoyo ankamukonda, ndipo chimene chinawagwira pamenepo anali mantha enieni. Anaona holo yodzaza anthu ikuseka mwana wa mmisiri, mlatho wake uli zidutswa pansi.

Choncho anagwira ntchito imene amaidziwa. Pansi pa mlathowo anaonjezera timitengo tiwiritiwiri. Pamene panali mpata anapingasapo kena. Pa mfundo iliyonse anapakapo guluu wa matabwa mosaumira, ngati akupaka pulasitala nyumba ya bwana. Anauyanika padzuwa paboneti ya galimoto yawo, ndipo utauma anaubwezera m'katoni, n'kumata tepi ndendende mmene inalili. Anabwerera kuntchito akuimba likhweru. Sanauze munthu, poti chinthu chabwino chenicheni amachita mwakachetechete, ngakhale kwa iwo aka kanali koyamba.

Loweruka m'mawa holo inadzaza. Munkanunkha guluu ndi waya wopserera, maikolofoni ikulira ngati mwana wa mbuzi. A Mmisiri anakhala pamzere wachitatu atavala jekete, manja atapinda pamimba.

Dzina la sukulu yake litaitanidwa, mtsikanayo anapita kutebulo la majaji, aphunzitsi a fizikisi ali pambuyo. Anadula tepi, kutsegula katoni, n'kungoima. Anaima nthawi yaitali, manja ali m'malere. A Mmisiri anagwedeza mutu mokhutira: mwana wasowa chonena ndi chimwemwe. Jaji wamkulu, mayi wa imvi amene ankati ndi injiniya, anatenga mlathowo n'kuuika pasikelo.

"Magalamu 58," analengeza.

Aphunzitsi anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, kuwavalanso. Sikelo sinasinthe maganizo. Lamulo linkati katoni ikatsegulidwa patebulopo palibenso kukonza kanthu, ndiye mtsikanayo anangokakhala pabenchi ya opikisana, osayang'ana kwa makolo.

Kuyesa kunayamba. Wa sukulu yoyamba unathyoka pa makilo 9. Wachiwiri pa 11. Wa kamnyamata kena kowonda ngati mlatho wake womwe unafika pa 13, kenako phwa, mchenga mbwee pansi. Anthu anaombera m'manja kwambiri, zimene a Mmisiri anaziona ngati ulemu wa pamaliro.

"Ana a masiku ano," a Mmisiri ananong'oneza bambo wina amene anakhala nawo pafupi. "Zomanga ndi malovu. Dikirani muone."

Nthawi ya mwana wawo itakwana, mtsikanayo ankathira mchenga ngati akuthira m'manda. Makilo khumi, mlatho uli chete. Khumi ndi anayi, uli chete. Mchenga wonse wa mpikisano, makilo 15, unathera mu ndowa, mlatho osalira ngakhale kuti tswa. A Mmisiri anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

"Ameneyo ndi wanga! Onjezani mchenga! Kapena kweranipo nokha, a jaji!"

Anaomba m'manja okha, mothandizidwa pang'ono ndi akazi awo, amene ankaomba akuyang'ana pansi.

Zotsatira zinamatidwa pabolodi nthawi ya masana isanakwane. Pa masukulu khumi ndi awiri, mwana wawo anali wachikhumi. Woyamba anali kamnyamata kowonda kaja, mwini zidutswa. A Mmisiri anawerenga kawiri, kenako analunjika kutebulo la majaji akupalasa anthu ndi zigongono.

"Mayi, pepani, koma apa pali chinyengo. Wothyoka wapambana bwanji wosathyoka? Ine ndine mmisiri, zinthuzi ndimazidziwa."

"Zikomo bambo, ndiye masamu sakuvutani," anatero jajiyo, akutenga pensulo. "Timatenga mchenga umene mlatho wanyamula, n'kugawa ndi kulemera kwa mlathowo. Wa mnyamatayu wanyamula magalamu 13,000, iwo ukulemera 11. Wanyamula kulemera kwake maulendo oposa chikwi. Wa mwana wanu wanyamula 15,000, iwo ukulemera 58. Sunafike n'komwe maulendo mazana atatu. Aliyense angamange chosagwa, bambo, akapatsidwa matabwa onse a m'tauni. Ife timafuna amene akudziwa pamene angachotse."

Aphunzitsi a fizikisi, amene anali ataima pambali, analankhula motsitsa ngati akudziuza okha. "Lachinayi unali magalamu 12."

A Mmisiri masamu ankawadziwadi, tsoka lake linali limenelo. Magalamu 14,000 a kunyumba aja kugawa ndi 12. Anayang'ana nambala ya wachiwiri pabolodi paja. Mwana wawo akanadutsa, ndiponso mosavuta.

Jajiyo anatembenuza mlathowo n'kuuyang'ana pansi pake, kenako anakodola mtsikanayo.

"Mwana wanga, mlathowu ukuoneka wa anthu awiri. Pamwambapa pali munthu woganiza, pansipa pali munthu wa guluu. Wamanga wekha?"

Makolo amene anali pafupi anatchera khutu. A Mmisiri anatsegula pakamwa. Munthu amene sanasowepo chonena chibadwire, tsiku limeneli pakamwa panangotuluka mpweya. Mtsikanayo anawayang'ana kamodzi, thukuta likuwatsika m'khosi mwa jekete, kenako anayang'ana jaji.

"Ndekha, madamu. Ndinachita mantha kuti uthyoka, ndiye ndinaonjezera."

Jajiyo anapukusa mutu mwachisoni. "Ndikukukumbuka iwe. Chaka chatha sunali wamantha." Anamubwezera mlathowo, n'kuyamba kusonkhanitsa mapepala ake.

Panja ana anzake ankataya zidutswa zawo m'bini akuseka, awiri opambana akujambulitsa ndi aphunzitsi awo. Mtsikanayo yekha ndiye anali ndi chonyamula. Anayenda kutsogolo mpaka pagalimoto, bambo ake akumutsatira ngati mlendo.

"Mwana wanga," anayamba, "ine ndimafuna..."

"Ndikudziwa, adadi."

Sanalire, sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndi zimene zinawapweteka kwambiri. Anangowapatsa katoniyo ndi manja awiri, mwaulemu wonse umene anamuphunzitsa okha.

"Usungeni. Wanga sindinauone n'komwe pamene ukanathyokera."