Wopha Nkhumba Akomoka Kuchipatala

Temyong Villarosa anayamba kupha nkhumba mumsika wa ku Bacolod ali mnyamata, ndipo ankadzitama kuti magazi iye amangowaona ngati madzi a mvula. Choncho madokotala a ku Manila atanena kuti mwana wake Isay, wazaka zinayi, anabadwa ndi kabowo mumtima, n'chifukwa chake sankakula bwino ndipo milomo inkada, Temyong ndi amene ankalimbitsa anthu mtima.

"Make Isay, ukuliranji?" Temyong anafunsa mkazi wake Luningning. "Mtima ndi nyama basi. Ine ndagwirapo yambirimbiri."

"Ya nkhumba," anayankha mkaziyo akupukuta misozi.

Dokotala Abellera, mayi wamfupi waimvi, anawaitana kuti awafotokozere za opaleshoni. Anati adzatsegula chifuwa, adzaimitsa mtima kwa kanthawi makina akupopa magazi, kenako adzasokerera kachigamba pabowopo. Temyong ankangogwedeza mutu ngati mnzawo wa ntchito.

"Nanga fupa la pachifuwa mumadula ndi chiyani, adokotala? Ifetu ndi chikwanje."

"Ndi kasowo kakang'ono, bambo."

Atamva za sowo, Temyong anatembenukira Isay, amene ankanyambita mango ouma pampando, tinthiti tikuonekera m'malaya. Chipinda chinazungulira. Anatsitsimuka ali pansi, nesi akumukupiza ndi katoni, chipumi chitang'ambika pangodya ya tebulo.

Motero woyamba kusokedwa pachipatalapo m'banja la Villarosa anali iyeyo, ndipo anakuwa mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira.

Tsiku la opaleshoni Luningning anakhala phee akupemphera ndi korona yake. Temyong m'mawa wonse unathera pa njira ya kuchimbudzi. Masana dokotala anatuluka n'kunena kuti zayenda bwino. Temyong anafuna kuthokoza mwachikulu, koma anangogwira dzanja la mayiyo n'kuyamba kusisima mpaka anachita kumukhazika pansi.

Patapita masiku, Isay atamuchotsa machubu, milomo itafiira bwinobwino, anayang'anitsitsa bandeji ya bambo ake.

"Ababa, inu anakupatsani switi? Ine anandipatsa chifukwa sindinalire."

"Atafika pa ine zinali zitatha, mwanangu."

Atabwerera ku Bacolod, nkhaniyo anaifalitsa yekha mumsika, kuopa kuti mkazi wake angamutsogolere. Ogula ankaseka mpaka kugwira nthiti, iye akuloza chipsera pachipumi.

Masiku ano vuto lake ndi lina. Isay amati akangochoka pabenchi pomwe bambo ake amagulitsira nyama, liwiro mpaka kumsewu wa majipu onyamula anthu. Temyong ndi chimimba chakecho amalondola pambuyo ali wefuwefu, akukuwira amayi ogulitsa nsomba kuti amugwirire mwanayo.