Zimene Mwana Safunsa Bambo Ake

Abednego atabwerako ku Joni, komwe anathera unyamata wake wonse, anapeza Mitundu itadzaza mashopu a mafoni, mitengo ya ku Dzalanyama itathera m'matumba a makala, ndipo bambo ake, a Gilibati, manja akunjenjemera osalekeza.

Kunjenjemerako aliyense ankakuona. Koma dokotala anati matendawa amadyanso munthu m'kati, mosaonekera. Anapatsa Abednego pepala la mafunso: kodi wodwala amadzimbidwa, amamva fungo, amaona zinthu zomwe palibe, amakhala wachisoni? Anati mankhwala awasintha potengera mayankho, ndipo akayankha zabodza apatsidwa olakwika.

Abednego anakhala pakhonde n'kuyamba kuwerenga mosapsatira, monga anazolowera kunja. Bambo ake anangoyang'ana kuchigafa cha fodya. Funso lililonse, ayi. Atafika pa za kuchimbudzi, mkuluyo anafunsa modekha ngati ku Joniko ana amavula makolo awo.

Abednego anazungulira bwalo, kulowa m'nyumba, kutulukanso. Pepala lonse ayi yekhayekha, chonsecho m'mawa uliwonse ankawamva akubuula kuchimbudzi. Kenako anakumbukira chimene anaiwala kalekale: alipo munthu amene mwambo umamulola kunyoza mkulu ngati ameneyu. Anakwera kabaza, ulendo wa ku Nathenje kukatenga msuweni wa bambo ake, a Martina, ogulitsa tomato pamsewu. M'njira anawauza mafunso onse.

Atafika pakhomo, a Martina sanaodire n'komwe.

"Mwamuna wanga, ndamva kuti chimbudzi chakuiwala nkhope. Chinakuona liti?"

"Choka apa, nyani iwe," anatero a Gilibati, akuseka koyamba. "Chiyambire Lamulungu."

Abednego anabisala kuseri kwa chitseko, akufufuta ayi uja mmodzimmodzi. Anamva kuti fungo la fodya, lomwe bambo ake ankadziwira tsamba louma bwino, linawathawa kale. Kuti masana ena amaona malemu akazi awo ataima pankhokwe, koma sanena poopa kuti anthu awayesa amisala.

Pomaliza a Martina anafunsa za chisoni, uku akuwanena kuti nkhope yauma ngati ya wodikira maliro. Dzanja la a Gilibati linkagunda pabondo. Kenako mkuluyo anatembenukira kuchitseko.

"Iwe uli kuseriko, lemba inde. Koma ukamuuze dokotala kuti chimenecho chinayamba manja asanayambe, chaka chomwe unapita."