Gule Wophunzirira pa Sofa

Medson adazimitsanso sipika nyimbo isadafike ndi pakati pomwe, ndipo fumbi limene ana adalipalasa lidayamba kutera pansapato zawo.

"Iwe wa bulauzi yapinki! Wayimiranji? Wamva kuti nyimbo yatha?"

Vaileti adadzutsa mutu kuchoka pafoni yake. Wa bulauzi yapinkiyo adali mwana wake, Jacinta. Mtsikanayo adali atawerama, manja ali m'maondo, akupuma mwawefuwefu ngati munthu wopulumuka kwa agalu, chikhalirecho adali atangovina pang'ono chabe.

Lidali Lachinayi masana, pabwalo la kuseri kwa tchalitchi china ku Kawale. Loweruka la sabata yomweyo kudali ukwati wa Lena, mlongo wake wa Saulos, mwamuna wa Vaileti, ndipo operekeza akwati ankayeserera komaliza gule wolowera m'holo. Masiku ano ukwati wa m'tauni anthu sauyesa ndi malumbiro a kuguwa ayi. Amauyesa ndi masitepe a operekeza, ndipo Medson, wophunzitsa guleyo, ankaudziwa bwino udindo wake.

"Apumeko kaye, a Medson," adatero Vaileti. "Dzuwali likuswa mtengo."

"Dzuwa lomwelo likuwomba anzakewa, mayi. Kapena iyeyu ali ndi lakelake?"

Ana adaseka. Vaileti adayimirira, nakhalanso, nayimiriranso.

Aka kadali koyamba kuti Jacinta apondepo pabwalopo. Pamene Lena adasankha mwanayo kuti adzakhale kutsogolo kwa mzere wa atsikana ang'onoang'ono, Vaileti adakondwa kwambiri, nasoketsa diresi kwa telala tsiku lomwelo. Koma atamva kuti kuyeserera kuzichitika madzulo alionse, adakana. Mwana wake azichoka ku Area 23 kupita ku Kawale tsiku ndi tsiku, m'fumbi, pakati pa njinga zamoto zosaona munthu? Adayimbira Medson nampempha kuti azijambula masitepe aja n'kumatumiza pafoni, mwana aziphunzirira kunyumba. Medson adawiringula, koma mlamu wa mkwatibwi sakanizidwa. Kuti mzere usakhale ndi mpata, adatenga Raisa, kamtsikana koyandikana nyumba ndi Lena, kuti kazigwirira Jacinta malo.

Ndipo Jacinta adaphunziradi. Adaonera mavidiyo aja m'mawa ndi madzulo, ali chigonere pasofa, mbale ya tchipisi ili pamimba.

"Tiyambirenso!" adakuwa Medson. "Kumanzere, kumanja, tembenuka, pansi!"

"Mwalumpha," adatero Jacinta akupumira m'mwamba. "Tisadatsike pansi pamakhala kuwomba m'manja. M'vidiyo ija mudatero."

Medson adaganiza pang'ono, kenaka adaseka nagwira m'chiuno.

"Zoona, ndalumpha. Mwamuona mwana uyu? Gule yense ali m'mutu! Maso adapita kusukulu, koma miyendo idatsala patchuthi."

Nyimbo idayambanso. Vaileti adaona mwana wake akuyamba bwino, mwendo woyenera panthawi yoyenera. Koma pofika potsika pansi, maondo adakana kumudzutsa. Adagwira nthaka ndi dzanja, mnzake wa m'mbuyo adamuwomba, mzere wonse udasokonekera. Jacinta adakhala pansi m'fumbi lomwe lija mayi ake ankamubisira, nayamba kulira mopanda mawu. Kumbali, pansi pa mtengo wa bulugamu, Raisa ankapitiriza masitepe yekha, atavala masilipasi osiyana mitundu, osadziwa n'komwe kuti anthu akumuona.

Lena, amene adali ataonerera zonsezi ali pakhonde la tchalitchi, adabwera nakokera Vaileti pambali.

"Alamu, musandimve molakwa."

"Ndakumvani kale musadayankhule."

"Nyimbo yolowera ndi yayitali, alamu. Kuchokera pakhomo la holo kukafika kutsogolo, osapuma. Akadzagwa pamaso pa anthu, manyazi adzakhala a mwanayu, osati anga."

"Ndiye mukufuna kunena kuti mwana wa mchimwene wanu akhale pampando, mwana wa eni avale diresi yake?"

"Telala angoipinda m'mbalimu. Ine ndidakuuzani kuti azibwera. Mudati fumbi."

Vaileti adagwira mwana wake padzanja, namusasa fumbi mwaukali ngati fumbilo ndilo lidalakwa, ndipo adatuluka osatsanzika.

M'minibasi mtima wake sudakhazikike. Adakwiyira Medson, adakwiyira Lena, adakwiyiranso kondakitala chifukwa chowapanikiza. Iye adakulira ku Ntcheu, kumene ankatunga madzi kutsidya kwa dambo asadapite kusukulu, ndipo pafulaye padalibe mtsikana womuposa kuzinda mpira. Koma zimene ankakumbukira kwambiri zidali zikang'a za kumapazi ndi zipsera za m'maondo. Adalumbira kuti mwana wake sadzakhala nazo. N'chifukwa chake iye ndi Saulos atamanga mpanda wa njerwa, geti lidayamba kukhala lokhoma. Ana a m'makwalala akayamba phokoso la phada ndi jingo kunja, Jacinta ankakakamira pageti kulira, ndipo Vaileti, pofuna kuti ayankhe bwino makasitomala ake a zitenje, ankangomupatsa foni. Mwana ankatonthola. Patapita nthawi adaleka kupita kugeti. Vaileti adayesa kuti wapambana. Makolo ambiri amanamizidwa ndi bata lotere: amaona mwana ali phee, n'kumati waleredwa.

Adapeza Saulos atabwera kale kuchokera ku Kanengo, kumene ankagwira ntchito m'nyumba yosungiramo fodya. Adali atagona pasofa, nsapato zili pansi, akuonera zigoli za mpira pafoni.

"Bambo a Jacinta, mwana wanu amuchotsa pamzere."

"Mmm."

"Mwandimva? Mlongo wanu wachotsa mwana wanu. Akuti akulephera kuvina, akubanika."

"Ndi ulesi umenewo," adatero Saulos, maso ali pomwepo. "Ana a masiku ano. Ife pamsinkhu umenewo tinkathamangitsa ng'ombe mpaka kuphiri."

"Inu lero mungathamangitse nkhuku?"

Apo Saulos adatembenuka.

"Nkhondo ya ku Kawale musabwere nayo kwa ine, mayi. Amakhoma geti ndani? Adauza Medson za mavidiyo ndani?"

"Nanga adalonjeza mwana njinga n'kubwera ndi foni yachiwiri ndani? Mudati njinga ingamugwetse. Loweruka lililonse mumati mupita naye kubwalo, Loweruka likafika muli apa, ngati sofayo adakusokererani!"

"Inuyo foni yanu imachoka m'manja nthawi yanji? Ndi pakudya pomwe mumatafuna mukuyankha makasitomala. Paja amati make mbuu, mwana mbuu."

Vaileti adatsegula pakamwa kuti abweze, koma adayamba wayang'ana dzanja lake. Foni idalimodi, ndipo sadakumbukire nthawi imene adaitulutsa m'chikwama. Adayang'ana sofa ina ija. Jacinta adali atagona kale, mwendo umodzi pamwamba pa unzake, foni pamwamba pa mphuno, chimodzimodzi bambo ake. Misozi idali itauma.

"Jacinta, usadandaule, wamva? Ndiyankhulanso ndi azakhali ako."

"Musavutike, Amayi," adatero mwanayo osacheuka. "Ngakhale kuukwatiko ndikhoza osapita. Akajambula adzatumiza, ndidzaonera pompano."

Mawuwo adamulasa Vaileti kuposa chipongwe cha Medson. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi adali wokonzeka kuonera ukwati wa azakhali ake ali chigonere, ndipo sankaona chachilendo. Adamuphunzitsa zimenezi si mphunzitsi, si mnzake woipa wa m'makwalala. Adali anthu awiri omwewo amene ankakangana pamutu pake.

Sadayimbirenso Lena. Loweruka adapita kuukwati onse atatu. Sipika zitagunda, khomo la holo lidatseguka, ndipo kutsogolo kwa mzere kudali Raisa, m'diresi yopindidwa m'mbali, akuvina ngati adabadwira m'nyimbomo. Anthu adaimirira, mafoni m'mwamba, nthungululu zili wawawa. Vaileti adasiya yake m'chikwama. Adayang'ana pansi, ndipo adaona mapazi a Jacinta kunsi kwa mpando: kumanzere, kumanja, kutembenuka pang'ono. Mwanayo ankavina gule yense atakhala, osaphonya ngakhale sitepe imodzi, milomo ataikanikiza kuti asalire.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Vaileti adatolera majumbo akale m'khitchini, nawakulunga, nawamanga ndi ulusi wa thumba. Zala zake zidakumbukira zokha. Kenaka adatenga foni ya Jacinta ndi yake, naziyika m'kabati ya mbale, natambasulira dzanja mwamuna wake.

"Yanunso."

"Mpira uyamba posachedwa, mayi."

"Mpira ndi uwu," adatero akumuonetsa wa majumbowo.

Saulos adang'ung'udza, koma adapereka, natsatira pambuyo atavala masilipasi, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukazula dzino.

Geti lidalira potseguka. Kunja, pamsewu wafumbi, atsikana anayi kapena asanu ankasewera fulaye ndi mpira wothaitha. Ataona geti la kwa a Saulos lili chitsegukire adaleka, nayang'ana modabwa. Vaileti adapatsa Jacinta mpira watsopano uja, namukankha pang'ono pamsana.

"Pita."

Jacinta adayenda pang'ono, nayima, nabwerera.

"Ndikawauze chiyani?"

"Ukangoti, ndisewere nawo."

"Nanga akakana? Sindikuwadziwa maina."

Adali ana obadwira mumsewu womwewo, ena a iwo chaka chimodzi ndi Jacinta. Vaileti adavula nsapato, namanga chitenje m'chiuno molimba, nakalowa yekha pakati pa bwalo.

"Tiyeni, ponyani! Muone mmene tinkachitira ku Ntcheu."

Mpira woyamba adauzinda, ana adakuwa. Wachiwiri adaulumpha, koma potera adamva chifuwa kuthina ndi maondo kulira. Wachitatu udamupeza pamsana, phaa!

"Afa! Amake Jacinta afa!"

"Katswiri wa ku Ntcheu uja ndi ameneyu?" adafuula Saulos ali pageti, akuseka mpaka kutsokomola.

"Lowani inuyo, a ng'ombe za kuphiri!"

Vaileti adawerama, manja m'maondo, akupuma mwawefuwefu monga momwe mwana wake adachitira ku Kawale. Atadzutsa mutu adaona kamtsikana kena kakukoka Jacinta padzanja.

"Iwe, amayi ako afa. Lowa uwawombole."

Jacinta adalowa. Mpira woyamba womwe udamumenya pamwendo, ndipo pothawa adagwa, nasupuka bondo. Vaileti adaponya phazi kuti athamangireko, koma adadziletsa. Mwanayo adayang'ana magazi pabondo, adayang'ana mayi ake, kenaka adadzuka nakaima kumapeto kudikira nthawi yake yoponya.

M'nyumba, m'kabati ya mbale, foni ina idalira mpaka kuleka yokha.