Mapazi a Everlyn

Chitatha chisankho chachikulu cha 1991, ku Nsefu chilichonse chinkafuna voti. Ngakhale kalabu ya alimi a thonje, imene kale inkangoloza munthu n'chala kuti iwe ndiwe wapampando, inati nayonso ikufuna demokalase. Ntchito yoyendetsa chisankhocho inagwera a Kangwa, mphunzitsi wa ku Kasama, amene anaphunzirako za ndale ku yunivesite ku Lusaka boma lisanawaponye kuchigwa kuno.

A Kangwa sankatha kumwa madzi osatchula akatswiri a maphunziro a ndale. Pamsonkhano wa pansi pa mango anawabweretsa onse: Mgiriki wakalekale amene anati munthu sanalengedwe kuti azikhala yekha, Mngelezi amene anati popanda boma anthu angadyane okhaokha, ndi Mfalansa amene anati mphamvu za boma zigawidwe patatu, zizichirikizana ngati mafuwa. Alimi anamvetsera mwaulemu uku akuingitsa ntchentche. Kenaka aphunzitsi anafika pa mfundo imene ankaikonda kuposa zonse, ya anzeru amene anamenyera voti yachinsinsi. Wosauka, iwo anatero, amanena za kumtima kwake pokhapokha ngati palibe womuona.

Mawu amenewa anamugwira Everlyn. Iye anali wamasiye, ndipo dimba limene linkadyetsa ana ake m'mphepete mwa Luangwa linali m'manja mwa mlamu wake Hosea, mkulu wa malemu mwamuna wake. Hosea ankamulola kulima pamenepo, ndipo sankatopa kumukumbutsa za chifundo chimenecho. Tsopano Hosea yemweyo ankafuna mpando, akupikisana ndi mlimi mnzake, Paskale. Everlyn ankafuna Paskale, chifukwa mankhwala a mbozi akadutsa m'manja mwa Hosea ankafika kwa iye thonje litadyeka kale. Koma ankaopa.

Msonkhano utatha anawatsatira aphunzitsi.

"Aticha, mwaswera bwanji? Nifunseko. Zoona palibe azaziba?"

"Ba Everlyn, olo mfumu, olo ine wamene," anayankha a Kangwa. "Ni secret. Anthu ophunzira anaganizira vonse, ma years ambiri."

Popeza ambiri sankadziwa kulemba, a Kangwa anakonza njira yawo. Anamangitsa mpanda wa udzu, ndipo mkati anaika zitini ziwiri zotsekera, cha Hosea kumanzere, cha Paskale kumanja, motalikirana ndithu kuti munthu asasokoneze. Aliyense ankalowa yekha n'kuponya njere ya thonje m'chitini cha amene wamukonda. M'mawa wa tsikulo aphunzitsi anasesa okha mchenga wa mumpandamo mpaka unasalala bwino, poti chinthu cha ulemu chimafuna malo aukhondo.

Everlyn anazengereza mpaka onse anatha kuvota. Analowa womaliza, napita kumanja. Potuluka anamva kupepukidwa, ndipo anasangalala monga sanasangalalirepo chimwalirire mwamuna wake.

Tsono anthu a kuchigwa amawerenga pansi. Munthu akadzuka amayang'ana m'munda n'kudziwa kuti njovu zinali zingati, mvuu inatulukira pati, ndi mwana wa yani anaba dzungu. Sachita kufuna, maso amangopita okha. Opikisana ataitanidwa kuti akaone zitini zikunyamulidwa, Hosea anayang'ana pansi monga mwa chizolowezi. Pamwamba pa mapazi ena onse panali mapazi a munthu womaliza, olunjika kumanja, phazi lamanzere lopanda chala chachikulu, chimene khasu linadula Everlyn ali mtsikana.

Hosea anapambana, ndipo ndi mavoti ambiri. Anathokoza anthu, anathokozanso aphunzitsi ndi akatswiri awo. Za mapazi aja sanazitchule kwa Everlyn, nthawi yonse ya dzinja ankamupatsa moni bwinobwino.

Madzi ataphwa m'madimba, Everlyn anatenga khasu ndi mbewu za chimanga n'kutsetserekera kumtsinje. Anapeza dimba litalimidwa kale, mpongozi wa Hosea akubzala, Hosea mwini wake ataima pachulu.

"Alamu, nanga ichi n'chiyani?"

"Palibe mlandu, alamu," anatero Hosea mofatsa. "Dimba mukapemphe kwa a Paskale. Ndiye kwamene kunayenda mapazi anu."

Paskale analibe dimba loti n'kugawira munthu. A Kangwa atamva anapalasa njinga kupita kwa Hosea, nafotokoza za ufulu wa wovota mpaka kukhosi kunauma. Hosea anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, anavomereza zonse, koma dimba sanabweze.

Pobwerera aphunzitsi anakumana ndi Everlyn akuchokera koganyula m'munda mwa eni, mwana kumbuyo. Anatsika panjinga, chipewa m'manja. Everlyn sanakalipe. Anayang'ana nsapato zawo zakuda, zimene zinkasiya chidindo chofanana ndi cha mphunzitsi wina aliyense.

"Aticha," anatero, "anzanu ophunzira aja, amene anaganizira vonse, kansi onse anali kuvala nsapato?"