Mphika wa m'munda mwa a Gertrudes

A Dokotala Bryson Mwangonde anayamba kukumba zakale ali ndi tsitsi, mpaka dazi linafika kunkhongo asanapeze mphika wathunthu. Ankangotola mapale. Ku ofesi kwawo kunali makatoni a mapale, m'galimoto mapale, ngakhale m'matumba a jekete. Anzawo ku yunivesite ankawatcha a Mapale akangopotoloka. Ndiye musadabwe kuti tsiku limene kukamwa kwa mphika kunaonekera pansi pa dzenje lathu, cha kumtunda kwa Nkando, kozungulira bwinobwino kopanda mng'alu, bambo wamkulu uja anagwada n'kuyamba kuulankhula ngati khanda.

Gulu lathu linali laling'ono. A Dokotala ankaloza ndi kufotokoza. Ireen, wophunzira wawo wa ku Chinakanaka, ankapala dothi ndi kachipande ka amisiri omanga nyumba. Elson ankatulutsa dothilo ndi ndowa. Ine ndinalembedwa udalaivala, koma pa ntchito imeneyi galimoto ikaima dalaivala amapatsidwa sefa.

Unali mwezi wa Julaye, chiperoni chitatsika m'phiri n'kukhazikika. Amene sanakhalepo ku Mulanje amati ndi kamvula. Mvula imagwa n'kukata. Chiperoni chimangoyandama, chimalowa m'khosi, m'makutu, m'masokosi, ndipo phiri lonse lija limasowa ngati wina walibwereka. Dothi lonyowa silidutsa pa sefa, limangoumbika timibulu. Malaya ochapa Lolemba ankafika Lachisanu akadali ozizira ngati chule. Elson ankati zala zake zinapita kutchuthi osatsanzika.

Amene sankadandaula anali a Dokotala okha, chifukwa anali ndi chijekete chachikasu chimene anagula ku msonkhano ku Ulaya.

"Ichi anachiyesa kumayiko kumene madzi amauma gwa m'mipopi," ankatiuza m'mawa uliwonse, ife tikunjenjemera m'majuzi a pa kaunjika. "Dontho silingalowe. Tagwira, Elson."

Elson ankagwira. Inali mbali ya ntchito yake.

Mphikawo unali wofewa ngati bisiketi yoviika mu tiyi. Kuuzula msanga kukanakhala kuwonjezera katoni ina ya mapale. Unafunika kuufukula pang'onopang'ono ndi kaburashi, kuukulunga mabandeji, ndipo koposa zonse, madzi asaukhudze. Pamwamba pa dzenje tinamangapo lona yabuluu pa nsungwi zinayi. Lonayo anatibwereka a Agostino.

A Agostino ndi amene anatilandira tsiku loyamba. Anatuluka m'nyumba atavala jekete la suti ndi jombo, natiyendetsa m'malire mwa munda manja ali kumbuyo.

"Kuyambira pa mtengo wa mapeyala uwo mpaka pa nthochi izo, ndi ine," anatero. "Kumbani, patarau. Ndalola." Patarau ndi mmene iwo ankanenera bwana.

A Dokotala anakondwa. "Mwaona? Ukafika pamalo umayamba wafuna mwini wake. Ine ndakumba m'maboma ambiri, zimenezi ndimazidziwa."

"A Dokotala, kunotu..." anayamba Ireen.

"Ireen, chingwe icho chapindika."

Ireen anakawongola chingwe.

Patapita tsiku limodzi mphika utaonekera, kabaza inaima panjira. Anatsika mayi wamfupi, wofunda zitenje ziwiri, chikwama pamutu. Anali a Gertrudes, akazi awo a Agostino, akuchokera ku Milanje, kutsidya kwa malire a dziko, kumene anakadikirira mwana wawo Marcia kuchira. Sanalowe m'nyumba. Analunjika kudzenje, naima pamphepete chikwama chili pamutu pomwepo. Anayang'ana mulu wa dothi, zingwe, ineyo ndi sefa yanga, kenako amuna awo amene anali atabisala mvula pansi pa lona, akulangiza Elson kagwiridwe ka ndowa.

"Bambo a Marcia, ichi n'chiyani?"

"Ee, mwafika, mayi? Mwana ali bwanji? Akuti wafanana ndi ine, eti?"

"Ndafunsa ichi."

"Ichi ndi... chitukuko."

"Nanga lona iyi si imene ndinafunditsa chimanga pakhonde?"

"Chimanga chili bwino. Ndinachifunditsa bulangete."

A Dokotala anatuluka m'dzenje, nakonza chipewa, namwetulira kumwetulira kwawo kwa pamisonkhano.

"Mayi, musade nkhawa. Zonse tinakambirana ndi eni ake munda."

"Eni ake? Munakumana nawo kuti, poti amayi anga tinaika kalekale?"

"Ndikunena bambowa."

"Awa?" A Gertrudes anatsitsa chikwama. "Awa anabwera pano ndi njinga ndi wailesi. Njingayo anagulitsa."

Sanakweze mawu ayi. Anangoyamba kumasula lona, kona imodzi, kenako inzake, madzi amene anadikha pamwamba akukhuthukira m'khosi mwa a Agostino. Anaipinda bwinobwino naiika pamutu.

"Mawa ndipeze mwakwirira. Ndikufuna kubzala kholowa chinyontho chisanathe."

Chiperoni chinalowa m'dzenje ngati chakhala chikudikira kuitanidwa. A Dokotala sanaganize kawiri. Anavula chijekete chachikasu chija, nadumphira pansi, nachitambasula pamwamba pa mphika. Anatsala ndi malaya oyera opyapyala, ndipo posakhalitsa tonse tinadziwa kuti mkati amavala vesiti yobooka paphewa.

"A Agostino," anaitana ali chiweramire, "kalankhuleni nawo ngati bambo wa pakhomo."

A Agostino anakanda m'khosi monyowa muja. "Patarau, kunotu ife timakwatira kuchikamwini. Munda ngwa mayi, nyumba nja mayi, ana nga mayi. Mbuzi ikalowa m'munda ndimaithamangitsa ndine. Mphamvu zanga n'zimenezo."

"Nanga bwanji munati kuyambira pa mapeyala mpaka pa nthochi ndi inu?"

"Ndimalima ndine."

Kwawo kwa a Dokotala, kumpoto, munda umakhala wa bambo, ndipo m'maboma onse amene anakumba aja anali asanaganizepo zofunsa mayi. Anayang'ana Ireen. Kanali koyamba kumuyang'ana popanda kumutuma.

"Mupite mukaodire pakhonde," anatero Ireen. "Chipewa muvule. Akakupatsani pokhala, mukhale, kaya ndi potani. Mupepese. Ndipo chonde, a Dokotala, musakafotokoze."

"Ndisakafotokoze chiyani?"

"Chilichonse."

Tinasiya Elson m'dzenje atagwira jekete pamwamba pa mphika ngati akuyanika chikopa, ife n'kutsetserekera kunyumba. A Dokotala ankayenda patsogolo, manja atapinda pachifuwa, mano akuwombana. A Agostino anakumbukira mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinamwe madzi.

Tinapeza a Gertrudes akusanthula chimanga pakhonde. Bulangete lija linali litamwa madzi mokwanira kuthirira dimba, ndipo chimanga chapamwamba chinayamba kale kafungo. Tinaodira. Anatisiya tiime pabwalo kanthawi, kuti chiperoni chitidziwe bwino, kenako anakankha ndi phazi kampando ka mwana. A Dokotala anakhala, mawondo n'kufika m'makutu.

"Mayi, tinalakwa. Tinalowa m'munda mwanu osakupemphani. Pepani."

Zinayamba bwino. Ireen anapumira m'mwamba. Koma chizolowezi ndi matenda.

"Mukaona, mayi, anthu amene ankasula zitsulo m'dera lino, mafuko a masiku ano asanafike, malinga ndi kafukufuku amene ine ndinatsogolera..."

Ireen anatsokomola.

"Mphika wakewo," anadula a Gertrudes, "ungaphike nyemba?"

"Ayi, mayi."

"Kusunga madzi?"

"Ungasungunuke."

"Ndiye mukuvulira malaya chiyani, a Dotolo, munthu wamkulu ngati inu?"

Sindikudziwa ngati kunali kuzizira, koma mawu aakulu aja anawathera. Anayang'ana chipewa chawo.

"Mayi, ndakalamba ndikutola mapale. Uwu ndi woyamba wathunthu."

A Gertrudes anapitiriza kusankha chimanga, chabwino uku, chowola uko. Kenako anadzuka, nasasa chitenje.

"Tiyeni ndikalionenso dzenjelo."

Titafika, sanayang'ane mphika n'komwe. Anazungulira dzenje lonse pang'onopang'ono. Anagwada nasisita khoma lake. Anasuzumira m'makona.

"Mwakumba ndi khasu?"

"Ndi kachipande, mayi, motsatira chingwe," anayankha a Dokotala, mawu akuyamba kubwerera. "Makoma anga sapendama. Amadziwika mpaka kunja."

"Ndaona. Makona ake ngabwino."

Anatembenuka nayang'ana kunyumba, ngati akuyeza mtunda. Ananyowetsa chala naimika m'mwamba kuti amve kumene mphepo ikulowera.

"Chimbudzi chathu chinagwa ndi mvula ya dzinja," anatero. "Bambo a Marcia akhala akunola khasu kuyambira pamenepo. Tikupita kwa achemwali anga, kudutsa khwawa. Mverani, a Dotolo. Lona ndikupatsani. Mphika wanu mutenge. Koma dzenjeli musakwirire. Mupitirize kukumba mpaka mnyamata wa ndowayu akaima pansi n'kukweza manja, ine ndisaone zala."

"Mayi, malamulo a ntchito yathu amati dzenje lililonse tikamaliza tikwirire."

A Gertrudes anayang'ana kumwamba kumene chiperoni chinkachokera, nayamba ulendo wobwerera kunyumba.

"A Dokotala, jeketeli layamba kudontha mkati!" anakuwa Elson.

"Komabe," anatero a Dokotala mofulumira, "malamulo amafunika munthu wowamasulira."

Madzulo ake tinasenza chimanga chonse kulowetsa m'chipinda chochezera, a Agostino akutsogolera ndi mawu, lona n'kubwerera pa nsungwi zake. Mphika unatuluka kumapeto kwa sabata, wokulungidwa mabandeji ngati wagwa pa njinga yamoto, wathunthu, wokhala ndi timizere tokongola m'khosi. A Dokotala sanalole wina kuunyamula. Anaugoneka m'katoni ya utuchi pa mpando wakutsogolo wa galimoto naumanga lamba.

Kenako tinabwerera kukakumba chimbudzi.

Pansi pa mphikawo panalibenso kanthu, katondo yekhayekha wofiira. Elson anati tibwereke piki timalize tsiku limodzi. A Dokotala anakana. Anati iwo sanakumbepo dzenje ndi piki chibadwire, ndipo sayamba lero. Tinatsika ndi kachipande, chingwe chili chomangika, ndowa iliyonse ikudutsa pa sefa yanga. Ankati tikutsimikiza mwasayansi kuti pansi palibe kanthu. A Gertrudes ankabwera masana ndi chinangwa chootcha ndi tiyi wa m'botolo, nauza Elson kuti akweze manja.

"Ndikuonabe zala."

"Mayi, ndanyanyamphira," ankatero Elson.

"Ndiye usanyanyamphire. Ndikuonabe."

Tsiku limene zala zinasowa, dzuwa linatuluka, phiri linabwezedwa pamalo pake, ndipo anthu a m'mudzi anabwera kudzaona dzenje. Mphika sanaufunse. Amuna ankaima pamphepete n'kumapukusa mitu mwaulemu. Mmisiri wina womanga nyumba anati makona otere sanawaonepo ngakhale ku esiteti ya tiyi. A Dokotala anamva, ndipo ndinaona kuti zawakomera.

Tikulongedza katundu, kunabwera mayi wina wamtali, a Esteri, achemwali awo a Gertrudes. Anagwada pang'ono pafupi ndi galimoto.

"A Dotolo, kwathunso kuli zakalezo. Mapale mbwee. Kuseri kwa nyumba, cha kumunsi, kumene mphepo siibwerera kukhitchini."

A Dokotala anavula chipewa.

"Malowo nganu, mayi?"

"Nganga."

"Ndiye tidzabwera kudzaona. Koma m'chilimwe."

"M'chilimwe n'kutali, a Dotolo," anatero a Esteri. "Chathucho chatsala pang'ono kudzaza."